Ndikufuna kusiya mowa n'kuyamba kuthamanga, koma m'mawa manja amanjenjemera

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 33, wapabanja, ana awiri. Ndimakhala ku Matawale, ntchito ndimagwira m'tauni mwa Zomba momwemo. Mowa ndinauyamba ndili kukoleji. Kale unali wa Lachisanu ndi Loweruka basi, koma chaka chino palibe tsiku limene ndagona osalawa. Ndikaweruka ndimamwa mabotolo anayi kapena asanu, ndalama zikachepa ndimagula timabotolo ta mowa waukali tija. M'mawa manja amanjenjemera mpaka nditamwako pang'ono. Ndinasiyapo kawiri. Ulendo wachiwiri ndinatha miyezi iwiri, koma ndinayambiranso tsiku limene timu yathu ya mpira wa Lamlungu inapambana. Pano mimba yatuluka, ndikakwera masitepe ndimapuma wefuwefu. Ndagula nsapato zothamangira. Ndikufuna Lolemba likubwerali ndiusiyiretu, tsiku lomwelo ndiyambe kuthamanga, kuti pofika Disembala ndizikwera phiri mpaka ku Ku Chawe osaima. Kodi masewerawa andithandiza kuti ndisabwererenso?"

Achimwene, zikomo polemba mosabisa. Ambiri amene amandipeza kuchipatala amati "ndimangolawako", ndipo nambala yeniyeni ya mabotolo ndimakaimva kwa akazi awo pakhonde, mwini wake atapita kukalandira mankhwala. Inu mwatchula nokha, mpaka timabotolo ta kumapeto kwa mwezi. Mtima ukhale m'malo. Munthu amene anakhalapo miyezi iwiri osamwa waonetsa kale kuti n'zotheka, ndipo pa zaka 33 zambiri zimene mowa wasokoneza zimabwerera m'chimake. Mafuta amene amaundana m'chiwindi amayamba kuchoka pakangotha masabata angapo munthu atasiya, BP imatsika, nkhope imaphwa.

Koma Lolemba lanulo ndikulikana. Kusiya mowa sindikukana ayi. Ndikukana kusiya mwadzidzidzi, nokha, n'kuthamangiratu tsiku lomwelo. Chimene chandiimitsa m'kalata yanu si mimba, si wefuwefu wa pamasitepe, koma manja onjenjemera aja amene amakhala bata mukamwako.

Mowa umagwira ntchito muubongo ngati mabuleki. Ukamapondedwa tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera kuwonjezera moto kuti galimoto iziyendabe. Ndiye taganizani dalaivala amene waponda mafuta mpaka pansi, wina n'kumuchotsera mabuleki kamodzin'kamodzi. Kunjenjemera kwa m'mawa n'chizindikiro chakuti usiku umodzi wokha mabuleki ayamba kale kumasuka. Munthu wofika pamenepa akasiya mwadzidzidzi, pakati pa maola 6 ndi 24 amayamba thukuta, nseru, mtima kugunda mothamanga, nkhawa yosadziwika kochokera. M'masiku awiri oyambirira ena amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, ngakhale sanadwalepo khunyu chibadwire. Ndipo kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ochepa amafika pa vuto limene madokotala amalitcha delirium tremens: kutentha thupi, kubwebweta, kusazindikira abale, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma. Limeneli limapha ngati munthu salandira chithandizo. Kumudzi likafika amati wamulodza, kapena ati mizimu yakwiya chifukwa wasiya mowa, n'kutaya tsiku lathunthu akuzungulira naye kwina asanabwere naye kuchipatala.

Ndikunena izi ndi manyazi pang'ono, chifukwa inenso ndinaphunzira mochedwa. Nditangoyamba ntchito, kunabwera bambo wina wodwala m'mimba, fungo la kachasu lili guu. Ndinamukalipira monga amachitira achinyamata ongotuluka kumene kusukulu, ndinati, "Bambo, kuyambira lero musadzalawenso." Anandimvera, mwatsoka. Patapita masiku awiri anabwera naye atamunyamula, lilime atadziluma, atagwa kubafa. Anachira, koma kuyambira pamenepo sindiuza munthu womwa tsiku lililonse kuti angosiya ndisanamufunse mmene manja ake amakhalira m'mawa.

Choncho ulendo woyamba wa nsapato zatsopanozo ukhale wa kuchipatala. Muli nacho pafupi chipatala chaching'ono cha ku Matawale, ndipo Zomba Central Hospital si patali. Kanene zonse monga mwandilembera ine: kuchuluka kwake, mtundu wake, nthawi imene mumamwa botolo loyamba, ngati munagwapo kapena kuona zachilendo maulendo awiri munasiya aja. Pali mafunso 10 amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza, otchedwa AUDIT, amene amathandiza kuona pamene munthu wafika. Yankho lililonse lili ndi mapointi ake, ndipo wopeza mapointi 8 kapena kuposa ndiye kuti kamwedwe kake kayamba kuopsa, wofika 20 nthawi zambiri thupi lake lagwidwa kale. Akakuyezani BP, shuga, mwinanso magazi oona mmene chiwindi chilili, adzaona ngati mungasiyire kunyumba wina akukuyang'anirani kapena mugone kaye masiku ochepa. Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi diazepam, wa masiku owerengeka, mlingo wake ukumatsika tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi vitamini B1, thiamine, amene anthu omwa kwambiri amamusowa ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo. Diazepam musakagule nokha kumsika kapena kupempha kwa mnzanu. Akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma, ndipo nayenso amakola ngati mowa womwewo.

Mpaka mutaonana ndi achipatala, musadule mowa kamodzin'kamodzi. Zikumveka zachilendo kuchokera kwa munthu wa ntchito yanga, ndikudziwa. Musawonjezere, timabotolo taukali tija tisiyeni, koma kudula kwenikweni kudikire tsiku limene mwagwirizana ndi dokotala. Tsikulo likhale la sabata ino kapena yamawa, osati "mwezi ukatha".

Pali china chimene anthu a ku Zomba amachiopa kuposa matenda enieniwo, ndicho kutumizidwa "kumental". Zomba Mental Hospital imalandira odwala ochokera m'zigawo zonse za dziko lino, ndipo ambiri mwa amene amafika kumeneko nkhani yake ndi mowa ndi chamba. Ena amakwera mabasi tsiku lonse kuti akafike. Inu mungafike pa kabaza. Akakutumizani kukaonana ndi anamwino kapena madokotala a maganizo, sikuti akuti mwapenga. Ndiwo amene anaphunzira bwino za kusiyitsa mowa. Amene angakwanitse kupita kutali, a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe alinso ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Tsopano funso lanu lenileni: kodi masewera adzakutetezani? Adzakuthandizani kwambiri, koma sadzakutetezani okha. Kafukufuku amene wachitika pa anthu osiya mowa amaonetsa kuti masewera olimbitsa thupi amawonjezera mphamvu ndi kuchepetsa kukhumudwa, koma paokha sachepetsa kwenikweni kamwedwe. Umboni wina muli nawo m'kalata yanu momwemo. Tsiku limene munayambiranso kumwa simunali pamaliro, simunakangane ndi akunyumba. Munali mutathamanga mphindi 90, thukuta lili kamukamu, mwawina. Thupi lotopa, pakhosi pouma, mtima wokondwa, anzanu khumi akuti tiyeni: palibe nthawi ina imene botolo lozizira limaoneka losalakwa ngati imeneyo. "Ndagwira ntchito, ndiyenera kudzithokoza." Mawu amenewa agwetsa anthu ambiri amene ndawathandizapo kuposa mavuto.

N'chifukwa chake Ku Chawe kwanuko kukundidetsa nkhawa, ngakhale ndikukukonda. Mukamangirira kusamwa kwanu pa phiri, tiyeni tione mmene nkhaniyo ingathere. Mwina mudzafikadi pamwamba mu Disembala. Chabwino, cholinga chatheka, ndiye mawa lake mudzakhala osamwa chifukwa chiyani? Ndipo Disembala wake ndi uti, si womwe uja wa maukwati, zinkhoswe, maphwando a kuntchito ndi Khirisimasi? Mwina bondo lidzatupa mu Okutobala, dokotala n'kunena kuti mupume masabata atatu. Madzulo onse aja amene kuthamanga kunkadzaza adzakhala pululu. Mwinanso mvula idzangoyamba, kugwa masiku anayi osakata monga imachitira kuno, nsapato zili pakhonde zosauma. Njira zitatu zonsezi zimakathera pakhomo limodzi. Ndaona anthu amene anasiya mowa "chifukwa cha jimu", ndipo tsiku limene ndalama ya jimu inasowa, mowa unabwerera ngati mlendo amene anangopita kukataya madzi.

Ndiye muzisiyanitse ziwirizi m'mutu mwanu. Kusamwa kukhale ndi zifukwa zake zimene sizidalira bondo kapena nyengo: manja aja, ana awiri aja, ndalama imene imathera pakauntala, chilichonse chimene chili choona kwa inu. Zilembeni pakapepala, kakhale m'chikwama pamene mumasunga ndalama. Kuthamanga kukhale wantchito wa kusamwako. Tsiku limene simunathamange koma simunamwe, tsikulo latheka. Tsiku limene mwathamanga makilomita 10 n'kumwa awiri, latayika.

Mmene mungamugwiritsire ntchito wantchito ameneyu, nkhani yagona pa nthawi. Pafupifupi aliyense woyamba kuthamanga amasankha m'bandakucha. Kwa inu m'bandakucha mulibe mdani. Mdani wanu ali pakati pa 5 koloko ndi 7 koloko madzulo, pamene mwatseka ntchito, miyendo n'kuyamba yokha kulowera kumene inazolowera. Ola limenelo ndi limene lifunika kulandidwa. Nyamulani nsapato popita kuntchito, musinthiretu komweko musanatuluke pakhomo, ndipo njira yobwerera kunyumba isadutse pamene mumamwera, ngakhale ikhale yozungulira. Cha m'ma 4 koloko idyani kanthu, nthochi ziwiri, mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chilichonse. Njala ndi chibaba cha mowa zimafanana mawu, ndipo munthu wokhuta savutika kukana ngati wanjala.

Chibabacho chikabwera, dziwani kuti sichikhalitsa. Chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika, kawirikawiri pasanathe mphindi 30. Anthu ambiri sadziwa kuti chimatsika chokha chifukwa sanachidikirepo. Apa ndi pamene kuyenda mwandawala kumagwira ntchito yooneka ndi maso: mukachoka m'tauni wapansi chibaba chili pakhosi, pofika ku Matawale mudzapeza chaphwa. Mawa chidzabweranso, koma chikamabwera n'kumabwerera chimanjamanja, mphamvu zake zimanka zichepa.

Za mpira wa Lamlungu ndinena mosapsatira: upumeni kaye miyezi itatu. Sikuti mpirawo ndi woipa, koma matimu ambiri a akuluakulu ngati amenewa amasewera zigawo zitatu, chachitatu chimachitikira ku bala. Mukadzabwerera, mudzapite mutakonzeratu pothawira. Wina akudikirani kunyumba nthawi yakuti, wakabaza mwamuuziratu, likhweru lomaliza likangolira inu mwanyamuka. Adzakusekani, zimenezo musakayike. "Mwabadwanso mwatsopano, akulu?" "Alamu akhwimitsa malamulo eti?" "Imodzi yokha siipha munthu." Yankho lalitali limaitana mkangano, ndipo mkangano wa pamowa wosamwa sapambana. Mawu akuti "ndapuma kaye" ndi oipa kwambiri, chifukwa aliyense amayamba kuwerengera tsiku limene kupumako kuthe. "Sindikumwa, ndigulireni Fanta" n'zokwanira. Mukafuna chishango, nenani kuti achipatala anakuletsani, ndipo mukapita kuchipatala kuja lidzakhala si bodza. Mudzadabwa kuti pakatha mwezi, mmodzi mwa oseka kwambiri aja adzakukokerani pambali n'kufunsa kuti munatani.

Mowa wopanda ukali uja, wa m'botolo lofanana ndi mowa weniweni, ena umawathandiza, koma kwa munthu wongosiya kumene ine sindiukonda. Fungo, thovu, kulemera kwa botolo m'dzanja, zonse zimadzutsa zimene mukufuna zigone. Thobwa ndi labwino, bola likhale latsopano. Logonera masiku angapo limayamba kusasa, ndipo mukudziwa kumene limalowera.

Tibwere kumimba, poti ndiyo yakugulitsani nsapato. Galamu imodzi ya mowa weniweni, ukali umene uli m'chakumwacho, imapereka makalori 7 (kalori ndi muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'zakudya ndi zakumwa), pamene galamu ya shuga imapereka 4, ya mafuta 9. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13 a ukaliwo, ndipo lonse pamodzi limafika makalori 140 kapena kuyandikira apo. Mabotolo anu asanu ndi makalori 700 usiku umodzi. Munthu wolemera makilogalamu 80 amatentha makalori pafupifupi 80 pa kilomita imodzi yothamanga, ndiye kuti afunika makilomita 9 kuti angobweza za usiku umodziwo. Apo sitinawerengere kanyenya, mang'ina ndi chipisi cha pachiwaya cha pakati pa usiku. Palinso china: chiwindi chikaona mowa chimasiya kaye ntchito zina, kuphatikizapo kutentha mafuta, mpaka chithane nawo.

Minofu nayo imalipira. Mu 2014, akatswiri ena ku Australia anayeza anyamata ochita masewera amene anapatsidwa mowa wambiri atangomaliza kulimbitsa thupi. Kumangika kwa minofu kunatsika ndi 24 peresenti ngakhale mwa amene anadya zomanga thupi zokwanira, ndipo kunatsika ndi 37 peresenti mwa amene sanadye zomanga thupizo. Choncho amene amanyamula zitsulo masana n'kukamwa usiku amakhala ngati akuumba njerwa pamvula.

Bodza limodzi lofala pakati pa anyamata a mpira ndilichotseretu: lakuti matsire amatuluka ndi thukuta. Mowa woposa 90 peresenti umaphwanyidwa ndi chiwindi, pa liwiro lake lomwe, botolo limodzi ola limodzi kapena kupitirira. Wotuluka m'thukuta, mumpweya ndi mumkodzo ndi wochepa zedi. Wothamanga ndi matsire amakhala akuthamangitsa thupi louma kale, poti mowa umakodzetsa, shuga wa m'magazi ali wotsika, mtima uli wosakhazikika. Mu Okutobala, dzuwa la kuno lili phwee, ameneyo ndi amene timamulandira atakomoka.

Komabe musadabwe sikelo ikakana kutsika mwezi woyamba. Anthu ambiri akasiya mowa amagwidwa ndi chilakolako cha zotsekemera, tiyi wa masupuni anayi, mabisiketi, zakumwa za shuga, ndipo chakudya chimayamba kukoma. Ena amanenepa kaye. Zisakukhumudwitseni, ndipo musayambe nkhondo ziwiri nthawi imodzi. Munthu amene wasiya mowa, wasiya shuga, wachepetsa nsima, akuthamanga masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amakhala ngati chingwe chokokedwa mbali zonse. Chimaduka Lachisanu lachitatu. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba idyani mokhuta, katatu pa tsiku. Sikelo muziikwera kamodzi pa masabata awiri, kapena ingoyang'anani bowo la lamba.

Chakudya chomangira thupi sichifuna zitini zodula za m'mashopu. Mumsika wa Zomba muli zonse: matemba a ku Chilwa, usipa, mazira, nyemba, nandolo, soya, mtedza wotendera masamba, chambiko. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a zomanga thupi. Chofunika n'chakuti chakudya chilichonse chikhale ndi chimodzi mwa zimenezi, osati nsima ndi masamba okha masana, nyama yonse n'kudikira madzulo. Ndipo mgaiwa ukuposa ufa woyera pa vitamini B1 uja amene thupi lanu lakhala likumusowa. Ndalama yake ilipo kale, ndi yomwe ija inkatsala pakauntala. Tsiku la malipiro ndi loopsa kwa wosiya kumene, choncho gwirizanani ndi akunyumba kuti ndalama ikangolowa pafoni, yambiri ichoke m'manja mwanu dzuwa lisanalowe, kaya ku lendi, kaya ku fizi, kaya ku banki mkhonde.

Kathamangidwe kake sikovuta. Sabata yoyamba mutasiya, musathamange n'komwe. Yendani pang'ono pafupi ndi nyumba, wina ali nanu. Imeneyo ndi sabata imene kugwa kuja kungachitike, ndipo simufuna kuti kukupezeni muli nokha mumsewu wokhotakhota wa kuphiri. Achipatala akakulolani, yambani kuyenda mwandawala mphindi 20 mpaka 30. Sabata yachitatu kapena yachinayi muyambe kusakaniza, mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, masiku atatu pa sabata, tsiku lopuma pakati. Liwiro lake likhale loti mungathe kulankhula. WHO imalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera osatopetsa kwambiri mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri. Olimbitsa minofuwo safuna jimu: mapushapu, kunjuta n'kudzuka, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde, kunyamula zigubu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 m'dzanja lililonse ndi poyambira pabwino. Mtima ndi mapapo zimalimba msanga kuposa mawondo ndi akakolo, n'chifukwa chake anthu amavulala mwezi wachiwiri, pamene mpweya wayamba kukwana koma mitsempha isanakhwime.

Phirilo muliyambe ndi kuyenda. Loweruka m'mawa, ndi mnzanu wosamwa kapena ndi akunyumba, kwerani mpaka pamene mwatopa, mubwerere. Loweruka linalo muwonjezere pang'ono. Kaya mutsata msewu wa tala, kaya njira yachidule ija ya Potato Path, chikweza chake si chamasewera. Nsonga ya phirili imapitirira mamita 2,000, ndipo ngakhale Ku Chawe sikufika pamenepo, miyendo idzakuuzani. Potsika yendani, musathamange, chifukwa kutsetsereka ndi kumene kumadya mawondo. Mukadzafika kudamu la Mulunguzi tsiku loyamba, gulani zipatso kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, mudye mutakhala pansi. Koma mukadzamva mawu aja akuti "ndiyenera kudzithokoza", dziwani kuti pamwamba pomweponso amagulitsa mowa. Disembala akakwana musanathe kukwera osaima, phirilo silisamuka. Epulo kapena Meyi, mvula itakata, kunja kukuzizira bwino, ndi nyengo yabwino kuposa Disembala.

Thupi likamaphwanya, musazolowere kumeza mapiritsi opha ululu ngati mtedza. Paracetamol wopyola mlingo amapweteka chiwindi, makamaka chotopa kale ndi mowa, ndipo ibuprofen ndi anzake amakanda m'mimba mmene mowa wakanda kale. Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, muwauze achipatala tsiku loyamba lomwelo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu sauzidwa, ndipo zikawapeza amaganiza kuti kusiya kwawalakwira. Choyamba ndi tulo. Mowa umagonetsa msanga koma umaphwanya tulo ta m'bandakucha, ndipo ukachoka, ubongo umatenga masabata angapo, ena miyezi, kuti uphunzirenso kugona wokha. Mudzatembenuka pabedi, mudzalota maloto owala ngati kanema, mwina mudzalota mukumwa n'kudzuka mtima uli phaphapha. Zimatha. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, tiyi ndi khofi zithere masana, foni igone kutali. Chachiwiri ndi kuzizira kwa mtima. Pakatha chisangalalo cha masabata oyamba, ambiri amafika poti chilichonse chimangokhala zii, mpira wa pa TV sukoma, nthabwala siziseketsa. Apa masewera amathandizadi. Koma kukhumudwako kukapitirira masabata awiri kuli kolemera, osafuna kudzuka, osafuna kudya, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, limenelo si vuto lothana nalo ndi nsapato. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muuze munthu wina wapafupi. Anthu ambiri amamwa pofuna kuphimba nkhawa kapena kukhumudwa kumene kunalipo kale, ndipo matenda amenewo ali ndi chithandizo chake.

Miyezi iwiri ija munagwera si yangozi. Ndi nthawi imene manja asiya kunjenjemera, nkhope yasalala, anthu ayamba kuyamikira, ndipo kamawu kamayamba kunong'ona kuti, "Waona, sunali chidakwa iwe, awiri okha ungathe." Madzi saiwala khwawa, achimwene. Munthu amene thupi lake linafika ponjenjemera m'mawa, kumwa "mwaulemu" sikumukhalira. Awiri a Loweruka amasanduka asanu a tsiku lililonse pasanathe mwezi, ndipo inu mwaziona kale kawiri. Ulendo uno, sabata yachisanu ndi chitatu muiike chizindikiro pakalendala, mudzakhale mutapangana kale ndi achipatala kuti mukaonane nawo masiku amenewo.

Mukadzaterereka, poti zimachitika, usiku umodzi sufafaniza miyezi imene mwakhala osamwa. Choopsa si botolo loyambalo koma maganizo a mawa lake akuti "basi zawonongeka kale". Uzani munthu m'mawa womwewo, idyani, imwani madzi, musathamange tsikulo, ndipo fufuzani chimene chinatsegula chitseko. Koma mukamwa masiku angapo otsatizana, musadulenso nokha. Kusiya mwadzidzidzi kobwerezabwereza kumachititsa kuti zizindikiro zija zizikula ulendo uliwonse, moti amene ulendo woyamba anangonjenjemera, wachinayi akhoza kugwa.

Munthu woti muzimuuzayo afunika kupezeka musanayambe. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri, linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene amuna awiri omwa mwauchidakwa anazindikira kuti akamalankhulana amatha kukhala osamwa. Nzeru yake ndi yomweyo ngakhale popanda gulu: pezani munthu amene anasiya zaka zapitazo, kaya kutchalitchi, kaya kumzikiti, kaya kuntchito, woti mungamuimbire 6 koloko madzulo osachita manyazi. Funsaninso anamwino a maganizo ngati pali gulu limene limakumana pafupi. Akunyumba auzeni zonse, kuphatikizapo zizindikiro zoopsa zija, chifukwa ndi iwo adzakhale nanu usiku wachiwiri ndi wachitatu. Koma musawasandutse apolisi, ndipo musakwiye akapanda kuombera m'manja msanga. Anamvapo kale kawiri kuti mwasiya.

Zina sizidikira tsiku lopangana ndi dokotala. Maso akasanduka achikasu, mukasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii ngati phula, mimba kapena miyendo ikatupa, mukamva kupweteka kwambiri pamwamba pa mimba kolasa kumsana, chifuwa chikathina kapena mtima ukamadumphadumpha pothamanga, mukagwa, mukasokonezeka mutu kapena kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, pitani ku Central nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Dzanzi ndi kutentha kwa kumapazi nakonso mukanene, chifukwa mowa umawononga mitsempha ya kumapazi, ndipo wothamanga wosamva bwino mapazi ake amavulala osadziwa.

Lolemba likubwerali pemphani chilolezo kuntchito cha m'mawa wokha. Lamlungu usiku lembani papepala zimene mwamwa tsiku lililonse sabata yathayi, timabotolo tija tiwerengedwenso. Tengani pepalalo, buku lanu la kuchipatala ndi akunyumba ngati angathe kukuperekezani. Nsapato zija muvale, muyende wapansi mpaka pachipatala, ndipo mulawire, mzere wa Lolemba umatalika.